Mbewu ya mpunga yopirira chiwawu yayamba kugwidwa

Funso:
Alimi anzanga, ndimalima mpunga kumtunda, ndipo mbewu imene inapirira chiwawu kwa zaka zinayi chaka chino yachita mawanga ooneka ngati diso, otuwa pakati, ndipo ngala zina zauma pakhosi n'kutsala zopanda maso. Kodi mbewuyi yafooka?

Yankho loyamba:
Mbewu yanu sinasinthe, bambo. Chimene chasintha ndi fangasi (kachilombo konga chuku) woyambitsa chiwawuchi, wotchedwa Magnaporthe oryzae. Fangasiyu ali ndi mitundu yambiri, ndipo mbewu zochuluka zimadalira jini imodzi yokha (kanthu ka m'mbewu kosunga chibadwa chake) imene imazindikira mitundu ina, osati yonse. Mudzi wonse ukamadzala mbewu imodzimodziyo chaka ndi chaka, mtundu umene jiniyo siiuzindikira umachulukana mpaka kugonjetsa munda. Kumapiri vutoli limakula chifukwa usiku kumazizira, ndipo mame amakhalitsa pamasamba mpaka dzuwa litakwera.

Yankho lachiwiri:
Ndikuvomereza, koma muonenso feteleza wanu, chifukwa yuleya wochuluka amafewetsa masamba, ndipo chiwawu chimawagwira mosavuta. Ndi bwino kumuthira mogawa.

Yankho lachitatu:
Ine ndimakhulupirira kusakaniza mbewu kuposa kusakasaka mbewu yatsopano nyengo iliyonse. Ku Yunnan, m'dziko la China, alimi anadzala mzere umodzi wa mpunga wogwidwa msanga pakati pa mizere ya mpunga wopirira, ndipo zotsatira zofalitsidwa mu 2000 zinasonyeza kuti chiwawu pa mbewu yofookayo chinachepa ndi 94 peresenti. Kukolola kumavutirapo, inde, popeza mitunduyo imafunika kumweta payokhapayokha. Musasungenso mbewu yochokera m'munda wodwalawo.