Kodi ku positi amangoyeza kulemera basi, kapena ndi kukula komwe?

Nachisale_Leeds: Moni nonse. Ndili ndi zinthu zitatu zoti nditumize: mapepala 12 a A4 opita ku London, khadi ya tsiku lobadwa yomwe ili ndi kabaji kutsogolo, ndi bokosi la nsapato za ana lopita ku Lilongwe. Ine ndimati chachikulu ndi sikelo, koma ena akuti envulopu nayonso imasintha mtengo. Zoona zake n'ziti?

Malume_Coventry: Chemwali, sikelo payokha siyokwanira. Kuyambira mu 2006, Royal Mail, positi ya kuno ku UK, imayang'ana kulemera, kutalika, kufupika ndi kunenepa kwa kalata. Kuti ilowe m'gulu lotchipa la Letter, isapitirire 24cm m'litali, 16.5cm m'lifupi, 5mm kunenepa ndi 100g kulemera. Ikangophonya chimodzi mwa zinayizi, yakwera ku Large Letter, yomwe malire ake ndi 35.3cm, 25cm, 2.5cm ndi 750g.

Pa mapepala anuwo, pepala limodzi wamba la A4 (la 80gsm) limalemera pafupifupi 5g, ndiye 12 ndi 60g. Mukawaika osapinda mu envulopu yaikulu ya C4, mulipira Large Letter ngakhale ali opepuka chonchi. Apindeni pakati kamodzi, muwaike mu C5, yomwe ndi 22.9cm ndi 16.2cm. Kunenepa kukhala cha m'ma 3mm, ndipo adutsa ngati Letter. Musawapinde patatu kuti alowe mu envulopu yopapatiza ya DL, chifukwa popindapo pamatukumuka n'kudya 5mm ija. Pakhale stepulo imodzi pakona, osati kilipi yaikulu yakuda ija.

Nangozo84: Khadi ya bajiyo ndiye msampha weniweni. Ku kauntala ali ndi kapulasitiki koboola, mpata wake 5mm, ndipo kalata imayenera kudutsamo mosakankhiriza. Sayeza pepala ayi, amayeza pamene panenepa kwambiri. Baji, riboni, kiyi kapena ndalama yachitsulo zimakwanira kuikweza gulu. Mukaponya m'bokosi lofiira la positi ndi sitampu ya Letter, wolandirayo ndi amene amapatsidwa kakhadi koti akalipire kaye asanaitenge. Tangoganizani, munthu kulipira kuti alandire mafuno abwino!

Makhadi a mbali zofanana nawonso samalani nawo. Ya 15cm mbali zonse ilowa, koma ya 17cm yadutsa kale malire a m'lifupi. Ku America n'kovutirapo: positi ya kumeneko, USPS, imawonjezera mtengo pa envulopu iliyonse ya mbali zofanana, poti makina awo osankha makalata saiyendetsa bwino.

Ngati mulibe rula, dulani mpata wa 5mm pa katoni, muziyesera pakhomo.

Chimwene_wa_Katundu: Ine ndiyankhe za bokosi la ku Lilongwe. Potumiza kunja, phukusi laling'ono limayenera kusapitirira 2kg, ndipo mukaphatikiza litali, lifupi ndi msinkhu zisadutse 90cm, komanso pasakhale mbali yoposa 60cm. Mwachitsanzo, bokosi la 40 x 30 x 25cm limapanga 95cm. Lakanika, ngakhale mutalinyamula ndi chala chimodzi.

Mukapita nalo kwa makampani a ndege ngati DHL, kumeneko amawerengera malo omwe bokosi likudya. Amachulukitsa mbali zitatu zija m'masentimita n'kugawa ndi 5000. Bokosi lomwelo: 40 x 30 x 25 ndi 30,000, kugawa ndi 5000 ndi 6kg. Nsapatozo kaya zikulemera 1.5kg, mulipira za 6kg, chifukwa amatenga nambala yaikulu pa ziwirizo. Ndalama zambiri apa n'zolipirira mpweya.

Chotsani nsapato m'mabokosi ake a m'sitolo, muzilowetsane chidendene ndi kuphazi, masokosi muwakankhire m'kati. Dulani makona a katoni mpaka pamene katundu walekezera, pindani, matani ndi tepi. Likafika 35 x 25 x 15 ndi 75cm, ndipo lalowa ku positi wamba. Yezani mutamata kale, kunja kwake, poti katoni ikatupa pakati amayeza potupapo.

Musaiwale fomu ya kasitomu ya CN22. Lembani zenizeni, monga nsapato za ana mapeyala awiri ndi mtengo wake. Mukangolemba kuti mphatso, phukusi limatha kuchedwa akulifufuza.

Nachisale_Leeds: Zikomo kwambiri nonse. Bajiyo ndiichotsa, ipita limodzi ndi nsapato ulendo wina.