Ndagula maburashi 12 a zophodaphoda, koma sindikudziwa kuti iti n'njopakira chiyani

NaNgozo wa ku Chilomoni:
Achemwali anga muno, ndithandizeni. Loweruka likubwerali kuli chinkhoswe cha mng'ono wanga, ndipo womuphoda ndine, poti ndalama yoitanira katswiri inathera ku matenti. Ndinapita ku Limbe n'kugula paketi ya maburashi 12. Nditawayala pabedi ndinangoti kakasi. Ina n'njaikulu ngati mchira wa gologolo, ina yafulati ngati yopentera khoma, tina ting'onoting'ono, ndipo kamodzi kakungokhala ngati kotsukira botolo la mwana. Kapepala ka malangizo mulibe.

Dzulo ndinayeserera pankhope panga. Ndinatenga yaikulu ija n'kuiviika mu faundeshoni yamadzi. Inamwa yambiri, ndipo nkhope inatsala mizeremizere ngati munda wongolima kumene. Bambo a kunyumba atalowa anangoti, "Kodi mwadwala?" Ndiye ndiuzeni, iti ndi ya chiyani?

Mai a Tadala, Area 25:
Pepani asisi, koma ndaseka. Ine ndimaphoda akwati mu saluni yanga, ndipo pa 12 amenewo amene amagwiradi ntchito ndi asanu ndi awiri okha. Enawo asiyeni m'paketi momwemo.

Ya mchira wa gologoloyo ndi ya pawuda, ya zouma zokhazokha. Ya faundeshoni ndi yafulati ija, kapena ngati ilipo yaifupi ya ubweya wothinana. Musaiviike m'botolo. Donthezani pang'ono kuseri kwa dzanja, gunditsani nsonga yokha, n'kuyamba pakati pa nkhope, pamphuno ndi m'masaya, kumapita cha kumakutu. Muzichita ngati mukudinda, osati kukwekwesa ngati mukupenta khoma. Mizere munaionayo inabwera chifukwa chokoka. Ndipo mutsikire mpaka m'khosi, kuti mwanayo asaoneke ngati wavala chigoba cha gule.

Mukatapa pawuda, gogodani chogwirira cha burashi pa dzanja kuti wochuluka agwe, kenaka muyambe pachipumi, pamphuno ndi pachibwano pomwe pamanyezimira mafuta. Apa chenjerani: ife akhungu lakudafe, pawuda woyera akachuluka m'munsi mwa maso, pagalasi pamaoneka bwino koma wojambula akangothwanitsa flash, chithunzi chimatuluka ngati munthu wachokera kuchigayo. Musanatuluke m'nyumba mujambuleni ndi foni ya flash muone.

Yapakatikati yodulidwa mopendekera ndi ya m'masaya. Muuzeni amwetulire, mupake pomwe patukukapo n'kukwera cha kukhutu. Ya m'maso zilipo ziwiri: kafulati n'koikira mtundu pachikope, kofewa kaubweya womwazika n'kosakanizira m'mphepete kuti pasaoneke malire. Kachiwirika ndiye kamene kamasiyanitsa wodziwa ndi wophunzira, muzikayendetsa mozungulira pang'onopang'ono popanda kutapa mtundu wina. "Kotsukira botolo" kanuko n'kopesera nsidze, muzipesa mokweza musanazijambule ndi kaburashi kopyapyala kopendekera.

China chimene anthu sachidziwa: gwirani burashi kumapeto kwa chogwirira, osati pafupi ndi ubweya ngati cholembera. Mukagwirira kutali dzanja limapepuka lokha.

Chiso_BT:
Ine ndisiyaneko pang'ono ndi Mai a Tadala. Munthu amene sanazolowere, masiku anayi ndi ochepa kuti aphunzire burashi ya faundeshoni. Gulani siponji ija yooneka ngati dzira. Inyowetseni, ifinyeni mpaka isadonthenso, ndiye muzidinda nayo. Siisiya mizere ngakhale dzanja likunjenjemera. Komanso kunja kwatenthaku musaunjike zambiri, pofika nthawi ya perekaniperekani zonse zidzakhala zikuyenderera ndi thukuta.

Mai a Tadala, Area 25:
Siponji sindikuikana, Chiso, koma imamwa faundeshoni, ndipo mitengo yake masiku ano mukuidziwa. Kwa tsiku limodzi, chabwino.

NaPhiri wa ku Zomba:
Palibe amene wanena zochapa! Asisi, achapeni lero lomwe musanamugunditse mwanayo, ngakhale ndi atsopano. Kumsika agwiridwa ndi manja angati, nanga fumbi? Ine ndinakhala miyezi itatu ndikulimbana ndi ziphuphu tsaya limodzi lokha, kumanamizira mtedza. Tsiku lina ndinathira madzi burashi yanga ya faundeshoni, madzi anatuluka ngati a m'ngalande.

Ndimachapa sabata iliyonse ndi madzi ofunda pang'ono ndi shampu ya ana. Ndimazunguliza ubweya pachikhatho, burashi itayang'ana pansi, mpaka madzi ayere. Madzi asalowe m'kachitsulo kamene kamagwira ubweya, muli guluu m'menemo, akanyowa ubweya umayamba kuthothoka n'kumatsalira pankhope. Poyanika muwagoneke pa thaulo m'mphepete mwa tebulo, osawaimika m'kapu, osawaikanso padzuwa. Yaikuluyo imatha usiku wonse isanaume, ndiye musachape Lachisanu madzulo.

Ndipo pachinkhoswe azakhali ndi operekeza onse adzafuna "kungogundako pang'ono." Ya m'maso musabwereke munthu. Mwaiwala mmene nthenda ya maso ofiira ija inafalira mu 2024?

NaNgozo wa ku Chilomoni:
Zikomo nonse, mwandimasula. Ndachapa onse, ali pa thaulo pawindo la kumthunzi. Iwiri yayamba kale kuthothoka, kaya ndi ine ndalowetsa madzi kaya ndi mtengo wake womwewo. Siponji ndagula popita kuntchito. Madzulo ano ndamuyeserera mng'ono wangayo ndi zala ndi siponji basi, ndamujambula ndi flash, m'munsi mwa maso munatuwadi ngati mmene munanenera, Mai a Tadala. Ndachepetsa pawuda ndipo chithunzi chachiwiri watumizira kale apongozi ake. Changotsala ndi nsidze, yakumanzere ikumakwera kuposa inzake. Mawa ndiyesanso maburashi akauma.