Ndalama zatha tisanathire lintala, mwini nyumba akukana kuwonjezera

Woyambitsa nkhani: Akuluakulu anzanga pa ntchito, ndithandizeni nzeru chifukwa mutu waima. Ndinasainirana ndi mwini nyumba kontirakiti ya mtengo wosasintha, potengera BOQ (mndandanda wa ntchito ndi zipangizo zofunika, kuchuluka kwake ndi mitengo yake) imene anabwera nayo yekha. Titayamba kukumba maziko tinapeza dothi la makande, ndipo injiniya analamula kuti tikumbe mozama ndi kuwonjezera zitsulo, zinthu zimene mu BOQ munalibe. Khoma litafika pa windo, mwiniwake anati tikulitse chipinda chochezera, koma ananena pakamwa pokha ali pa saiti. Simenti nayo yakwera mtengo. Tsopano ndalama za gawo lachiwiri zatha tisanathire lintala, ndipo iye akuti sawonjezera kanthu chifukwa mtengo tinagwirizana kale. Kodi ndiimitse ntchito, kapena ndipitirize ndi ndalama zanga n'kudzawerengerana naye pamapeto?

Mmisiri wamkulu: Achimwene, mavuto onsewa amabwera chifukwa chotenga ntchito pamodzi ndi zipangizo. Ine ndimalipiritsa ntchito ya manja yokha. Simenti, njerwa, zitsulo ndi malata azigula mwini nyumba, kuti mtengo ukakwera uzimupweteka iyeyo.

Wowerengera mitengo: Bambo, nkhani zanu ndi zitatu ndipo musaziphatikize mukamalankhula naye, chifukwa mukaziphatikiza adzazikana zonse pamodzi. Pa za makande, onani ngati kontirakiti ikunena kuti miyezo ya pansi pa nthaka ndi yongoyerekeza ndipo idzayezedwanso ntchito ikachitika; ngati mawuwo alimo, mtengo wosasintha sukuletsani kulipiritsa zowonjezerazo, makamaka poti amene analamula ndi injiniya. Pa za chipinda chochezera, yezani lero lomwe, jambulani zithunzi, lembani kalata yonena tsiku limene analamula ndi mtengo wake, ndipo mumupemphe asaine. Za simenti n'zimene sindikukulonjezani kanthu. Ngakhale m'makontirakiti a FIDIC, bungwe la mainjiniya la padziko lonse, ndime 13.8 ya buku lawo la makontirakiti omanga la 1999 lotchedwa Red Book yolola kusintha malipiro mitengo ikasintha imagwira ntchito pokhapokha tebulo lowerengera kusinthako litalembedwa mu kontirakiti. Ndipo musachotse anthu pa saiti musanapereke chidziwitso cholemba, kuopa kuti wophwanya mgwirizano angakhale inuyo.

Kontirakitala wina: Za kupitiriza ndi ndalama zanu musaziyese n'komwe. Ndinaona mnzathu wina akutenga ngongole kuti afikitse nyumba pa denga, poganiza kuti mwiniwake adzamva chisoni akaona malata atakhomedwa. Mwini nyumbayo nayenso ankamangira ngongole ya kubanki, imene inkatuluka pang'onopang'ono woyendera ntchito akatsimikiza kuti gawo latha, ndipo banki sinkadziwa za zipinda zowonjezera. Chiwongoladzanja chinadya phindu lonse, mpaka mnzathuyo anagulitsa makina osakanizira konkire kuti alipire anyamata ake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Funsani kaye komwe ndalama za mwini nyumba zikuchokera, komanso ngati anapatula za mwadzidzidzi, zimene ambiri amaika pa 10 peresenti ya mtengo wonse.

Mmisiri wamkulu: Ndiye zimene ndikunenazo. Akanatenga ntchito ya manja yokha sakanagulitsa makina.

Kontirakitala wina: Akulu, njira yanuyo nayo ili ndi minga yake. Mwini nyumba akamagula yekha amathamangira zotchipa, amabweretsa zitsulo zowonda kuposa zimene zili pa pulani, mchenga umachedwa anyamata n'kumangokhala pamthunzi inu mukuwalipira, koma khoma likang'ambika dzina loipa limakhala lanu. Mwini nyumba wina anagula simenti ya nyumba yonse nthawi imodzi pothawa kukwera kwa mitengo, n'kuiunjika pansi penipeni mosungira katundu mopanda matabwa. Pofika nthawi ya pulasitala matumba a m'munsi anali atauma gwa, ndipo anandinena ine kuti ndachedwetsa ntchito. Simenti siyenera kusungidwa kupitirira miyezi itatu, ndipo iyenera kukhala pamatabwa, kutali ndi khoma.

Injiniya: Chimene ndikuopa ine n'chakuti ndalama zikathina chonchi, anthu amayamba kubwezera pochepetsa simenti mu konkire kapena kutalikitsa mipata ya zitsulo. Pa makande musayerekeze. Dothi limeneli limafufuma likanyowa ndipo limanyala likauma, choncho ming'alu imaonekera nyengo ikasintha, nthawi imene mukadali ndi udindo wokonza zolakwika, yomwe kawirikawiri imakhala miyezi 6 kapena 12. Ndalama za retention, zimene mwini nyumba amagwira kaye pa malipiro anu mpaka nthawi yokonza zolakwikayo itatha, zidzathera pomwepo, mwina osakwana n'komwe. Ndibwino mugwirizane naye zochepetsa zinthu zimene zingathe kudikira, monga matailosi ndi siling'i, kusiyana n'kukhudza maziko kapena lintala.

Mmisiri wamkulu: Zonsezi n'zoona, koma ndikubwerezabe kuti mmisiri ntchito yake ndi kumanga, osati kubwereketsa ndalama kwa eni nyumba. Zitsulo zowonda ndimazikana pa geti pomwe, ndipo simenti ikabedwa usiku mlandu ndi wa mlonda wa mwini nyumba.

Wowerengera mitengo: Zimenezo zimadalira amene kontirakiti yamupatsa udindo woyang'anira saiti, akulu, chifukwa nthawi zambiri ndi womanga mpaka tsiku lopereka makiyi. Bambo amene mwayambitsa nkhaniyi, kodi inshuwalansi ya pa saiti ili m'dzina la ndani, ndipo kalata ya injiniya yolamula kukumba mozama muli nayo?