Cholembera cha Note chikukana pa Surface, vuto ndi mapatenti?

NaBanda_Telala:
Anzanga ndithandizeni. Ndimajambula masitayelo a madiresi pa Galaxy Note yanga yakale, ndi kacholembera kake kaja. Achimwene anga a ku Joni anditumizira tabuleti ya Microsoft, Surface Pro 4, yakaunjika, koma yabwera yopanda cholembera. Ine ndinati nanga si cholembera ndi cholembera basi, ndakanda pa sikirini ndi cha Note chija, zii, ngakhale kadontho. Mnyamata wokonza mafoni akuti ndi nkhani ya mapatenti, ziphaso zoletsa ena kukopera luso lomwe watulukira, makampaniwa aliyense ali ndi luso lake. Ndi zoona, kapena akungofuna andigulitse china?

Mwale_waZamagetsi:
Mayi, mnyamatayo sanakunamizeni. Cholembera cha Note chimayendera luso la kampani ya ku Japan yotchedwa Wacom. Kuseri kwa sikirini kuli ukonde wa timawaya totulutsa mphamvu ya maginito, cholemberacho chimatapa mphamvu pomwepo n'kubweza uthenga. N'chifukwa chake simunachiikepo batire chigulireni. Samsung inalikonda lusoli mpaka mu 2013 inagula magawo 5 pa 100 aliwonse a Wacom.

Surface Pro yoyamba ndi yachiwiri zinalinso za Wacom. Kuyambira Pro 3 mu 2014, Microsoft inasamukira ku N-trig ya ku Israel, ndipo mu 2015 inagula lusolo likhale lakelake. Yanuyo ilibe ukonde uja, imadikira cholembera chokhala ndi batire yakeyake. Pogula funsani cholembedwa MPP (Microsoft Pen Protocol, luso la zolembera za Microsoft) pa bokosi.

Agogo_aPalm:
Anyamata a masiku ano mukuona ngati mkangano wayamba ndi iPad. Ine ndinali ndi Palm, kakompyuta kam'manja kolembapo ndi cholembera, m'thumba nthawi yomwe ndinkagwira ntchito ku Leeds, ndipo mlandu wa mapatenti unandisintha kalembedwe ndili wamkulu kale.

Palm inali ndi kalembedwe kotchedwa Graffiti, ka Jeff Hawkins. Pafupifupi chilembo chilichonse umachilemba kamodzi osanyamula cholembera: A inali ngati V yozondoka, T ngati 7. Ukazolowera, dzanja limangothamanga lokha. Ndiye kampani ya Xerox inati ayi, nzeru imeneyo ndi yathu, David Goldberg wa ku nthambi yathu yakafukufuku ya Xerox PARC anaitulukira kale n'kuitcha Unistrokes. Patenti inatuluka mu 1997, chaka chomwecho Xerox inakasuma. Mu 2001 khoti la ku Rochester ku America linati Palm yalakwa. Mu 2003 Palm inabweretsa Graffiti 2, yochokera ku pulogalamu ina yotchedwa Jot, momwe t ndi i umazilemba ponyamula cholembera kawiri. Ndinavutika nayo miyezi, ndikafuna t imatuluka l. Chondipweteka n'chakuti mu 2004 woweruza ananena kuti patentiyo njosagwira ntchito, koma ife tinali titasinthitsidwa kale. Xerox inachita apilo, nkhaniyo inaukanso, mpaka mu 2006 Palm inalipira Xerox madola 22.5 miliyoni kuti zithe. Zaka 9 kukanganirana mmene munthu angakokere mzere!

Mwale_waZamagetsi:
Agogo, pamenepo ndigwirizana nanu theka. Amene wakhala zaka akuyesa mawaya ndi maginito ayenera kudyapo ndithu. Komanso patenti sikhala muyaya, imatha pakapita zaka 20. Mapatenti akale a Wacom atatha, makampani a ku China monga Huion ndi XP-Pen ayamba kugulitsa mapadi ojambulira okhala ndi zolembera zopanda batire pa mtengo wofikirika. Za Xerox zija ndiye zinanyanyadi, kutsekera anthu kalembedwe.

NaBanda_Telala:
Zikomo nonse, agogo mwandiseketsa ndi t wanuyo. Ndawatumizira achimwene uthenga afufuze cha MPP. A Mwale, ndaona pa intaneti kuti chimadya batire ya AAAA, yowonda kuposa za rimoti zija. Imeneyo ndikaipeza m'sitolo zathu zino, kapena ndiwauze aponyemo paketi yonse m'katundu?