Fomu ya ICMJE: tikiti ya ndege nayonso tilembe?

Dokotala wa ana: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tikutumiza pepala lathu la kafukufuku wa kuyeza malungo mwa ana ku magazini ya zachipatala, ndiye akonzi akufuna aliyense wa ife adzaze fomu ya ICMJE (komiti ya akonzi a magazini a zachipatala), ija wolemba amaululirapo ndalama ndi thandizo limene analandira. Zida zoyezera tinapatsidwa ulere ndi kampani ina, ndipo kampani yomweyo inalipirira abwana athu ndege ndi hotelo ku msonkhano wa ku Cape Town chaka chatha. Iwo akuti m'manja sanagwire ndalama, tingolemba kuti palibe.

Wa ku labu: Musayerekeze achemwali. Fomuyo ili ndi mzere wa zida ndi mankhwala opatsidwa, komanso wina wa maulendo a ku misonkhano. Sifunsa ngati ndalamayo inadutsa m'thumba mwanu.

Mphunzitsi wa zaumoyo: Onjezani nkhani ya nthawi. Thandizo la kafukufuku amene mukutumizayo mumalemba ngakhale linabwera kalekale. Zina zokhudzana ndi nkhaniyo mumabwerera miyezi 36. Cape Town yalowa basi.

Wa ku labu: Abwanawo muwakumbutse za José Baselga. Anali mkulu wa madokotala pa chipatala cha khansa cha Memorial Sloan Kettering ku New York, koma mu 2018 anatula pansi udindo atolankhani a New York Times ndi ProPublica ataulula kuti sankalemba ndalama za makampani a mankhwala m'mapepala ake, ena a mu magazini ya zachipatala ya The Lancet. Chimene chinamugwetsa ndi kusalemba.

Mkonzi wopuma: Anthu amaopa kuti akalemba, pepala likanidwa. Ayi. Ife tikaona dzina la kampani timangofunsa: kodi inakonza nawo kafukufuku? Inaona zotsatira zisanatuluke? Inali ndi mphamvu yoletsa kusindikiza? Ngati zonsezi ndi ayi, lembani choncho momveka, m'gawo la ndalama. Chimene chimatipweteka mutu ndi kuzimva kwa wowerenga pepala litatuluka kale, chifukwa apo timasindikiza uthenga wokonza cholakwikacho, ndipo dzina la kampaniyo limaonekera kuposa mukanalemba nokha.

Dokotala wa ana: Nanga ndiwadzazire ineyo?

Mkonzi wopuma: Ayi mwanangu, aliyense adzaze yake. Atumizireni pamodzi ndi kalata ya akonziyo, asaone ngati lamuloli mwalipeka inu.

Dokotala wa ana: Ndatumiza. Ayankha kuti nanga alawansi ya chakudya?

Mphunzitsi wa zaumoyo: Mzere womwewo wa ulendo. Alembe dzina la kampani ndi kuti ndalamayo inapita kwa iwo, osati kuchipatala.