Amarone ameneyu timwere ndiwo yanji?

NaBanda_Leeds:
Abale, ndithandizeni nzeru. Abwana anga kuntchito andipatsa botolo la vinyo wofiira wa ku Italy, palembedwa Amarone della Valpolicella, mphamvu yake 15.5%. Loweruka kubwera alamu anga ndi akazi awo, ndiye ndimati ndiphike nsima, nkhuku yothira kambuzi ndi chambo chomwe chili mufiriji. Kodi zigwirizana? Ndamva kuti vinyoyu ndi wodula, sindikufuna kuononga mphatso ya eni.

Mbewe_waJoni:
Achemwali, nsimayo phikani ndithu, koma nkhuku ya kambuzi ndi chambo zidikire tsiku lina. Ine ndimaperekera chakudya mulesitilanti ya Ataliyana kuno ku Johannesburg, ndipo vinyo ameneyu ndimamukonda kwambiri.

Amachokera kumapiri a pafupi ndi mzinda wa Verona, m'chigawo cha Veneto. Mphesa zake, makamaka Corvina, Corvinone ndi Rondinella, akathyola sazifinya pompo. Amaziyala pa timphasa ta bango kapena m'mabokosi, m'nyumba yopita mphepo, n'kukhala pamenepo miyezi itatu kapena inayi. Zili ngati mfutso wathu uja, kungoti iwo sayanika padzuwa. Mphesazo zimafota, madzi n'kuchepa, shuga n'kutsala wambiri. Shugayo ndi amene amasanduka ukali wonsewo. Lamulo lawo salola Amarone wochepera 14%, ndipo ayenera kugona zaka zosachepera ziwiri asanagulitsidwe.

Mukamuthira m'tambula muona kuti ndi wofiira modera. Fungo lake ndi la mphesa zouma, matcheri, chokoleti chakuda ndi kakhofi patali. M'kamwa amalemera, poyamba mumaganiza kuti ndi wotsekemera, koma mukameza pamatsala kakuwawa pang'ono ndipo lilime limauma. Ndiye mukalumako kambuzi, mowa wochuluka chotere umangokolezera moto wa tsabola, simumvanso china chilichonse. Chambo nachonso n'chofatsa, kukoma kwake kumangomira.

Gulani mchira wa ng'ombe. Ukazingeni kaye mpaka ufiire bwino, thirani anyezi wambiri, karoti, adyo, tomato wochepa, kenako muusiye pamoto wochepa maola atatu kufikira nyama iyambe kusupuka pafupa yokha. Mafuta ndi msuzi wokhathamira uja ndi zomwe zimafewetsa vinyoyu. A ku Verona eni ake amamwera nyama ya kavalo yophikidwa chimodzimodzi, amaitcha pastissada de caval, ndipo amadyera polenta, yomwe ndi ufa wa chimanga chachikasu wovundulidwa mumphika. Nsima yanuyo ili pamalo pake.

AmayiAkeTadala:
Ine ndisiyana pang'ono ndi a Mbewe. Nsima, mchira wa ng'ombe ndi vinyo wa 15.5% nthawi imodzi, alendo anu afooka msanga. Botolo limodzi pa anthu anayi ndi kapu imodzi ndi kadontho aliyense. Bwanji mudye zomwe munakonzazo, kenako mbale zitachoka mutulutse Amarone ndi tizidutswa ta tchizi cholimba ngati Parmigiano Reggiano? Kamchere ka tchizicho kamatulutsa kukoma kwa zipatso zouma kuja, ndipo mumamwa mwachifatse mukucheza.

Mbewe_waJoni:
Amayi anena zoona, tchizi chimagwira ntchito. Chomwe ndinaiwala: musamumwe wotentha. Amafuna madigiri 16 mpaka 18, ndiye ngati hita ili yoyaka m'nyumba, muikeni mufiriji mphindi 20. Mutsekule botolo ola limodzi alendo asanakhale pansi kuti apume. Mukafuna vinyo wothira mumphika, gulani Valpolicella Ripasso. Ameneyo amamusiya kuti awirenso ngati mowa pa makoko a mphesa za Amarone, ndiye kakomedwe kamayandikira koma mtengo ndi wotsikirapo.

NaBanda_Leeds:
Zikomo kwambiri nonse. Ndasankha mchira wa ng'ombe, tchizi ndigulanso. Nanga masamba, achimwene? Ndili ndi repu ndi nsinjiro, kodi zotendera zingayende ndi vinyo ameneyu kapena ndingokazinga?