Sienta yosinthidwa injini: ndigule kapena ndiisiye?

Dalaivala wa ku Nchalo: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndapeza Toyota Sienta ku Limbe, mtengo wake ndi wotsika ndithu poyerekeza ndi zinzake. Yayenda makilomita 290,000 koma mwini wake akuti anaikamo injini ina chaka chatha. Ndikufuna izinyamula anthu pakati pa Nchalo ndi Blantyre. Ndigule?

Wamataxi wa ku Ngabu: Gulani achimwene musanalandidwe. Injini ikakhala yatsopano ndiye kuti galimoto yabadwanso.

Makaniko wa pa Dyeratu: Ayi bwana, musamupusitse mnzathuyu. Yatsopano ya kuti? Zimene timaika ife ndi injini zoti zinagwirapo kale ntchito ku Japan, ndipo wogulitsa aliyense amangoti "inayenda pang'ono". Makilomita mukuwaona pa dashibodiwo ndi a galimoto yonse. Giyabokosi, mashoko, mabushi, redieta, zonsezo zayenda 290,000 yomweyo. Funso loyamba kwa mwini wake ndi lakuti injini yoyambayo inafa ndi chiyani. Injini ya mu Sienta, yotchedwa 1NZ, siifa wamba, imayendera tcheni osati lamba, ndipo ikamapatsidwa oyilo pa nthawi yake imakalamba bwinobwino. Ngati inafa, inawira, inauma oyilo kapena inamwa madzi.

Dalaivala wa ku Nchalo: Akuti inangoyamba kudya oyilo, madala.

Makaniko wa pa Dyeratu: Onse amatero. Ngati inawira, chimene chinaiwiritsa mwina chikadali momwemo, ndipo chidzaphanso iyi. Kuno si ku Dedza. Mu Okutobala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndiye mutenge anthu odzadza ndi katundu wawo, muwoloke Kamuzu Bridge, muyambe kukwera zitunda za Thabwa. Redieta yotsekeka mkati simufika nayo pamwamba. Kayang'aneni ngati thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha kwa injini, ilimo, ndiponso ngati fani sanailumikize kuti izingozungulira osaima. Mukapeza zimenezo, dziwani kuti wina ankabisa vuto la kutentha.

Wazamagetsi a galimoto wa ku Bangula: Ndionjezerepo pa nkhani ya madzi ija. Chidutsireni anamondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, galimoto zambiri zimene zinamira zinachapidwa n'kugulitsidwa mtauni. Injini amasintha, koma mawaya ndi omwe aja. Tukulani kapeti, suzumirani pansi pa mipando ndi pamene pamakhala tayala la sipeya. Matope ouma, dzimbiri pa mabawuti a mipando, zobiriwira m'mapulagi, thawani. Galimoto yotere lero yazima, mawa mawindo akana, ndipo mudzandidziwa bwino ine kuposa akazi anu. Chinanso, tembenuzani kiyi osaliza injini. Getsi la check engine liyenera kuyaka, kenako n'kuzima injini ikalira. Likapanda kuyaka n'komwe, mwina anazula babu.

Wamataxi wa ku Ngabu: Koma inu mukumuopseza munthu. Yanga ndinagula yosinthidwa injini ndipo ikundidyetsa mpaka lero.

Mayi wa maminibasi ku Nsanje: Inuyo munachita mwayi, achimwene. Ine zanga ndi za mapepala basi. Mwanawe, nambala ya injini yodindidwa pa buloko ifanane ndi imene ili m'buluubuku. Ngati anasintha injini koma sanakalembetse ku Road Traffic, vutolo lisanduka lako tsiku lokatenga COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu, kapena losintha umwini. Afunseni lisiti ya kumene anagula injiniyo. Injini yopanda lisiti ukhoza kupeza kuti inachotsedwa m'galimoto yobedwa, apolisi n'kudzakugwira iwe amene sukudziwa kanthu. Usapereke ngakhale tambala mapepala asanalongosoke.

Makaniko wa pa Dyeratu: Amayi anena zoona. Powerenga nambalayo muonenso ngati yayamba ndi 1NZ. Pali 2NZ ya 1.3 imene imafanana nayo kwambiri maonekedwe, ena amaponyamo imeneyo chifukwa ndi yotchipa. Pa chigwa pano simungazindikire msanga, koma pa phiri muli ndi anthu mudzalira. Mukapite m'mawa injini isanalizidwe, muigwire kaye kuti ndi yozizira. Utsi wabuluu ndi oyilo akupsa. Woyera wosatha ndi gasiketi. Tsegulani chotsekera oyilo, mukaona zoyera ngati chambiko ndiye kuti madzi akulowa. Koma chimene ndimaopa kwambiri pa Sienta ndi giyabokosi. Zambiri ndi za otomatiki za mtundu wa CVT, zimafuna mafuta akeake, koma anthu amathiramo ATF, mafuta a giyabokosi ya otomatiki wamba. Ikamalira ngati mluzu kapena kunjenjemera ponyamuka, werengerani mtengo wa giyabokosi ina pa ndalama mukuperekazo.

Dalaivala wa ku Nchalo: Ndabwerako akuluakulu. Matope mulibe, utsi palibe, ndi 1NZ ndithu. Koma nambala siikufanana ndi ya m'buluubuku, ndipo thermostat anachotsa. Lisiti ya injini ali nayo. Ndamuuza akalembetse kaye, wavomera, komanso wachotserako pa mtengo ndalama ya redieta yatsopano.

Makaniko wa pa Dyeratu: Akamaliza ku Road Traffic mubwere nayo kuno musanalipire zonse. Tikaikweze Thabwa masana dzuwa lili pamutu, titanyamula matumba anayi a simenti kumbuyo. Mafuta ndi anu.